Sitima Imene Inadutsa M'mapiri a Chitipa

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu)

Moni wapadera apite kwa abale athu a m'boma la Chitipa: a ku Misuku kumene kumachokera khofi, a ku Nthalire, ku Wenya, ku Chisenga, ku Kameme, ku Ifumbo, ndi a pa boma penipeni. Mwaghona nonse. Takulandirani ku pulogalamu yathu ya maphunziro.

Lero tikamba za amalinyero, anthu amene moyo wawo wonse amathera pamadzi. Ndikudziwa kuti wina wadabwa kale. Za amalinyero ku Chitipa? Boma limene lilibe nyanja, lilibe doko, ndipo madzi ake aakulu ndi mitsinje monga Songwe ndi Lufira? Musathamange kutseka wailesi, abale anga. Sitima yathunthu yapamadzi inadutsapo m'mapiri amenewa, ndipo inadutsa ili pamitu ndi pamapewa a anthu.

Nkhani yathu tiigawa panayi. Choyamba timva za mnyamata wina wa ku England amene anayamba ntchito ya panyanja ali wamng'ono, dzina lake Edward Hore. Chachiwiri timutsatira ku nyanja ya Tanganyika ndi mabwato ake oyamba. Chachitatu tifika kwathu kuno, pa njira yochokera ku Karonga kudzera ku Chitipa. Ndipo pomaliza tidzifunsa chimene nkhaniyi ikunena kwa mwana wa ku Chitipa lero.

Koma mfundo yaikulu ndikupatsiranitu, kuti muyende nayo mpaka kumapeto. Mmalinyero sabadwa ali kaputeni. Amakula chombo ndi chombo, ndipo chombo chilichonse chimam'phunzitsa zimene chinzake sichikanatha. Makolo athu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mawu amenewa muwasunge.

Tiyeni tiyambe ndi gawo loyamba.

Edward Coode Hore anabadwira mu mzinda wa London m'chaka cha 1848. Ali ndi zaka 16 anapita kukaphunzira ntchito kwa mwini zombo wina wa mumzindawo. Masiku amenewo sitima za nthunzi zinali zitayamba kale kuchuluka, koma katundu wambiri ankayendabe pa zombo za matanga, zokankhidwa ndi mphepo.

Kodi mnyamata wophunzira ntchito ankachita chiyani m'chombo? Sankakhudza chiwongolero tsiku loyamba, ayi. Ankakolopa, ankapala dzimbiri, ankapaka phula zingwe, ankakwera pamwamba pa mlongoti usiku kukapinda thanga mphepo ikuwomba ndipo chombo chikupendekera uku ndi uku. Ankaphunzira dzina la chingwe chilichonse ndi ntchito yake, chifukwa namondwe akabwera palibe nthawi yofunsa kuti chingwe chake n'chiti. Wamkulu akafuula, dzanja liyenera kupeza chingwe choyenera ngakhale mumdima.

Akadziwa zimenezi ankakhala mmalinyero wokhwima, wodalirika pa chiwongolero. Kenaka ankatha kukhala kapitawo wa amalinyero anzake, woyang'anira zingwe, matanga ndi nangula. Akafuna kukwera kuposa apo, mphamvu zokha sizinkakwanira. Pankafunika masamu. Ankayenera kudziwa kuwerenga mapu a panyanja, kugwiritsa ntchito kampasi, ndi kuyeza kutalika kwa dzuwa masana kapena nyenyezi madzulo kuti adziwe pamene chombo chili, pakati pa madzi pamene palibe phiri kapena mtengo wokuuza njira. Ankalemba mayeso, n'kukhala wothandiza kaputeni wachitatu, kenaka wachiwiri, kenaka woyamba, ndipo pamapeto pake kaputeni.

Hore anadutsa m'masitepe onsewa, osadumpha ndi limodzi lomwe. Anagwira ntchito m'zombo zoposa 20, kuyambira tizombo ta matanga toyenda m'mphepete mwa gombe mpaka sitima zikuluzikulu zonyamula makalata ndi anthu kuwoloka nyanja zamchere. Asanakwanitse zaka 30 anali ataona mbali zambiri za dziko lapansi, ali ndi chiphaso cha ukaputeni m'manja.

Taganizirani, omvera: zombo zoposa 20. Kachombo kakang'ono kamaphunzitsa munthu kumva mphepo pakhungu ndi kuopa miyala ya m'mphepete. Chombo chachikulu chimam'phunzitsa kulamulira anthu ambiri ndi kusunga nthawi. Ulendo wautali umam'phunzitsa kusamala madzi akumwa ndi chakudya. N'zoona kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

(Nyimbo pang'ono)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za mmalinyero Edward Hore ndi sitima imene inadutsa m'mapiri a Chitipa. Tsopano tilowe gawo lachiwiri.

M'chaka cha 1877 Hore anachita chinthu chimene anzake ambiri sakanachita. Anasiya sitima zikuluzikulu n'kulowa m'bungwe la amishoni la London Missionary Society, limene linkafuna kutsegula ntchito ku nyanja ya Tanganyika. Bungweli linkafuna munthu wodziwa za pamadzi, chifukwa nyanja imeneyi ndi yaitali kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo pa kuya imaposedwa ndi imodzi yokha, ya Baikal ku Russia.

Gulu lawo linanyamuka kugombe la kum'mawa, pafupi ndi Zanzibar, ndi ngolo zokokedwa ndi ng'ombe. Ng'ombezo zinafa m'njira chifukwa cha ntchentche za kashembe, ndipo katundu anayenera kusenzedwa ndi anthu. Anafika ku Ujiji, m'dziko limene lero ndi Tanzania, mu Ogasiti 1878, patatha chaka chathunthu. Mtsogoleri wawo anamwalira patangopita milungu yochepa atafika.

Tsono tamverani apa. Munthu amene anazolowera sitima zamakalata anafika ku Ujiji wopanda chombo chilichonse. Anatani? Anayambiranso pansi. Anapeza bwato lalikulu la komweko, la mtundu umene amalonda a ku Ujiji ankayendera, analikonza, analiika matanga, n'kulitcha Calabash. Opalasa ndi omuthandiza anali anthu a m'mphepete mwa nyanjayo, amene ankadziwa kumene mphepo imachokera nyengo iliyonse, magombe abwino kugonapo, ndi malo oopsa. Kaputeni wa nyanja zamchere anakhalanso wophunzira.

Ndi bwato limeneli anayenda m'mbali mwa nyanjayo, akuyeza ndi kujambula mapu. Panali funso limene linkavutitsa akatswiri a ku Ulaya: kodi madzi a Tanganyika amatulukira kuti? Mu 1879 Hore anaona ndi maso ake mtsinje wa Lukuga ukutuluka m'nyanjayo mwamphamvu kulowera kumadzulo, kumka ku mtsinje wa Congo. Chaka chotsatira anafika mpaka kumapeto a nyanjayo chakum'mwera, kudera limene lero kuli Mpulungu m'dziko la Zambia.

Calabash linam'phunzitsa nyanjayo, koma linam'phunzitsanso kuti bwato lamtengo lili ndi malire ake pa mafunde a Tanganyika. Choncho anabwerera ku England n'kukakonzetsa boti lachitsulo, lotalika pafupifupi mamita 10, lopangidwa m'zigawo kuti lithe kunyamulidwa. Dzina lake linali Morning Star. Zigawozo anazikweza pa tingolo tokokedwa ndi anthu, ndipo gulu lalikulu la amtengatenga linayenda nazo makilomita opitirira 1,000 kuchokera kugombe mpaka ku Ujiji. Anali limodzi ndi mmalinyero mnzake, Alfred Swann. Botilo analilumikiza n'kulitsitsira m'madzi mu Meyi 1883.

Mwaona mmene zikuyendera? Bwato lamtengo, kenaka boti lachitsulo la matanga. Chotsatira chinali sitima ya nthunzi. Mmalinyero amakula chombo ndi chombo. Ndipo sitima ya nthunziyo ndi imene ikutifikitsa kwathu.

(Nyimbo pang'ono)

Tafika pa gawo lachitatu, ndipo abale a ku Chitipa ndi ku Karonga, apa tcherani khutu bwino, chifukwa ndi nkhani ya makolo anu.

Nthawi imeneyo pa nyanja yathu ya Malawi panali kale sitima ya nthunzi. Inali Ilala yoyamba, imene amishoni a Livingstonia anabwera nayo mu 1875. Nayonso inasenzedwa m'zidutswa ndi anthu mazanamazana kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire. Tsono mkulu wina wachuma wa ku Glasgow, James Stevenson, anaganiza kuti nyanja ziwirizi, Malawi ndi Tanganyika, zilumikizidwe ndi msewu. Anapereka ndalama zokwana mapaundi 4,000, ndipo anafuna kuti amishoni akhazikitse malo awo m'mbali mwa msewuwo, komanso kuti sitima ya ku Tanganyika idzere njira imeneyi. Ndiwo msewu umene mabuku a mbiri amautcha Stevenson Road.

Ntchito inayamba mu 1881 motsogozedwa ndi injiniya James Stewart. Kuchokera ku Karonga njirayo inkakwera zitunda mpaka kwa mfumu Mweniwanda, m'dera limene lero ndi boma la Chitipa, kumene amishoni a Livingstonia anatsegulanso malo awo. Kuchoka apo inkadutsa m'dziko la Anamwanga ndi Amambwe, n'kutsetserekera ku Tanganyika. Stewart anamwalira ndi malungo mu 1883 ntchito isanathe, ndipo amene anam'lowa m'malo, William McEwan, anamwaliranso mu 1885. Chifukwa cha zimenezi, gawo la kufupi ndi Karonga lokha ndi limene linalambulidwa bwino. Mbali yaikulu inali njira ya miyendo basi.

Sitima ya Hore inkatchedwa Good News. Inapangidwa ku London, yotalika pafupifupi mamita 16, yokhala ndi injini ya nthunzi komanso milongoti ya matanga. Atamaliza kuipanga anaimasula yonse, chitsulo chilichonse pachokha, n'kuipakira m'mitolo ndi m'mabokosi. Ntchito yoifikitsa ku Tanganyika inapatsidwa kwa kampani ya African Lakes, imene ambiri timaidziwa ndi dzina loti Mandala.

Tiyeni tiitsatire pang'onopang'ono. Inawoloka nyanja yamchere mpaka ku Quelimane, ku Mozambique. Inakwera mtsinje wa Zambezi, kenaka Shire, mpaka kumunsi kwa mathithi, cha ku Chikwawa. Apo anthu anaisenza kukwera nayo ku Blantyre, n'kutsika nayo ku Matope. Ku Matope inakwezedwa mu Ilala, imene inadutsa nayo nyanja ya Malombe ndi nyanja yonse ya Malawi mpaka ku Karonga. Ndipo pa Karonga madzi anathera pomwepo. Kutsogolo kunali mapiri ndi mtunda wa makilomita opitirira 300.

Inu amene mumayenda pa msewu wa Karonga ndi Chitipa mukudziwa mmene galimoto imalirira pokwera zitunda zimene zija, ngakhale lero pali phula. Tsono chotsanipo phulalo, chotsanipo milatho, chotsanipo galimoto. Patsale munthu, nkhata pamutu, ndi chitsulo. Mwa chizolowezi cha nthawiyo, katundu wa munthu mmodzi ankalemera ngati theka la thumba la chimanga. Zidutswa zikuluzikulu ankazimangirira pa mitengo n'kuzinyamula anthu angapo pamapewa. Chitsulo chimatentha dzuwa likakwera, chimacheka phewa, ndipo chikakhala chopindika chimakola m'mitengo ya m'njira. Ankawoloka nacho mitsinje, ankagona nacho m'tchire, mawa n'kuchisenzanso.

Sinalinso nthawi yamtendere. M'dera lapakati pa nyanja ziwirizi midzi yambiri inali m'malinga chifukwa choopa zigawenga ndi ogula akapolo. Munthu wovomera kusenza katundu ankasiya banja lake pa nthawi yoopsa, n'kulowa m'dziko la mafumu ena. Kawirikawiri anthu a mudzi umodzi ankasenza mpaka malire a kumene akudziwa, n'kutulira ena. Malipiro ake anali nsalu.

Gulu loyamba linatsogoleredwa ndi Fred Moir wa ku Mandala, ndipo linafika ku Tanganyika chakumapeto kwa 1883. Hore anasankha malo omangira sitimayo pa mtsinje wa Lufubu, umene ena amautcha Lofu, kum'mwera kwa nyanjayo. Kumeneko injiniya James Roxburgh pamodzi ndi amisiri a ku Africa anayamba kulumikiza zitsulo, msomali ndi msomali. Koma zida sizinafike pamodzi. Mu 1884 nkhondo ndi chipwirikiti cha kumunsi kwa Shire zinatseka njira kwa miyezi, ndipo omanga ankadikira chidutswa chimene chinali chikadali kutali. Sitimayo inatsitsiridwa m'madzi mu Malichi 1885. Roxburgh, amene thupi lake linali litafooka ndi matenda, anamwalira patangopita miyezi yochepa. Poyamba Good News inkayenda ndi matanga okha, ndipo injini yake inayamba kugwira ntchito mu 1887.

Werengani nokha, omvera. Kuchokera pamene zitsulo zoyamba zinadutsa ku Chitipa mpaka pamene utsi unatuluka m'sitimayo panapita zaka zinayi. Monga kaputeni wake anakula chombo ndi chombo, sitimanso inafika kunyanja chidutswa ndi chidutswa. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pano ndikufuna ndinene chinthu chimene chimandikhudza mtima kwambiri. Mayina a Hore, Swann, Moir ndi Roxburgh ali m'mabuku. Hore mwini analemba buku la zaka zake za ku Tanganyika, limene linatuluka mu 1892. Koma anthu amene anakwera nazo zitsulo zija, Ankhonde a kunyanja ndi anthu a kumapiri ndi kuzidikha za kumtunda, ambiri mwa iwo mayina awo sanalembedwe. Komatu popanda mapewa awo, luso lonse la kaputeni likanathera pa mchenga wa ku Karonga. Tikamatamanda woyendetsa sitima, tizikumbukiranso amene anaisenza.

Tinenenso zoona zonse. Amene anabweretsa msewu ndi sitimazi ankafuna kufalitsa Chikhristu, kutsegula malonda ndi kuthetsa ukapolo. Koma njira yomweyi inatsegulanso khomo la ulamuliro wa atsamunda. Mu 1890 Britain ndi Germany atagawana dera lino, anatsata mtsinje wa Songwe ndi mzere woyandikana ndi msewu wa Stevenson. N'chifukwa chake lero mabanja a mtundu umodzi, olankhula chinenero chimodzi, ena ali ku Malawi, ena ku Tanzania, ena ku Zambia. Boma la atsamunda linamanganso malo ake pa njirayi n'kuwatcha Fort Hill, ndipo ndi pamene lero timati Chitipa. Choncho tawuni ya Chitipa ndi mbiri ya sitima za panyanja n'zolumikizana kuposa mmene ambiri timaganizira.

(Nyimbo pang'ono)

Tikulowa gawo lomaliza. Kodi Hore anathera kuti, nanga ife tikutolapo chiyani?

Anachoka ku Tanganyika mu 1888, n'kusiya sitimayo m'manja mwa Alfred Swann. Koma munthu wa pamadzi sakhalitsa pamtunda. M'zaka za m'ma 1890 anabwerera ku nyanja zamchere, ndipo anakhala kaputeni wa sitima ya amishoni yotchedwa John Williams, imene inkanyamuka ku Sydney, ku Australia, kuzungulira zilumba za m'nyanja ya Pacific monga Samoa ndi New Guinea. Ndalama zogulira sitima imeneyi zinasonkhedwa ndi ana a Sande sukulu, aliyense kakobiri kake. Kuyendetsa sitima pakati pa zilumba zimenezo kumafuna munthu wodziwa zonse ziwiri: kuwoloka madzi aakulu opanda gombe, ndi kulowa mosamala m'madoko ang'onoang'ono odzaza miyala. Choyamba anachiphunzira ali mnyamata m'sitima zamakalata. Chachiwiri anachinola ku Tanganyika, m'bwato lamtengo lija. Palibe chombo chimene chinapita pachabe. Anamwalira ku Hobart, pa chilumba cha Tasmania, mu 1912. Ku Zambia, pa mtsinje wa Lufubu, kuli chipilala chokumbukira malo amene Good News inamangidwira.

Tsopano tibwere kwathu. Makwerero amene Hore anakwera si achilendo kwa ife. Pitani m'mamawa ku Kaporo, ku Ngara kapena ku Chilumba, mukaone mmene msodzi amakulira. Kamnyamata kamayamba ndi kukapa madzi m'bwato ndi kupalasa pafupi ndi gombe. Kakakula kamalowa m'gulu lokoka chilimira usiku. Patapita zaka, wina amakhala siginala, amene amatsogola ndi nyali n'kudziwa kumene usipa uli. Wina amadzakhala woyendetsa boti la injini. Palibe amene amam'patsa injini mwana amene sanagwirepo nkhafi.

Ndipo pali chifukwa chake. Nyanja yathu ndi yokongola, koma si yoseweretsa. Mphepo ya mwera ikawomba m'miyezi yozizira, mafunde a kumpoto kuno amakula moopsa. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya, imene inali yatsopano, inamira pa namondwe kufupi ndi Chilumba, ndipo anthu 145 anataya miyoyo yawo. Ngozi imeneyi imatikumbutsa chifukwa chimene ntchito ya pamadzi imafunira kuphunzira kwa zaka, kumvera amene anayamba kale, ndi kulemekeza nyengo. Ilala imene tikuidziwa lero inapangidwa ku Scotland, inabwera m'zidutswa, inalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda kuyambira 1951, kudzera ku Nkhotakota, Likoma, Nkhata Bay mpaka ku Chilumba. Kuti sitima ikhale pamadzi zaka zonsezi, ndiye kuti pali mibadwo ya Amalawi, makaputeni, mainjiniya ndi amalinyero, amene anaphunzitsana ntchito mosamala, wamkulu kupatsira wamng'ono.

Tsono ndikulankhula ndi iwe mwana wanga wa ku Chitipa, mtsikana kapena mnyamata, amene mwina nyanja unangoiona kamodzi uli pa galimoto, kapena sunaionepo n'komwe. Usaganize kuti ntchito ya pamadzi ndi ya ana a kugombe okha. Ku Monkey Bay, m'boma la Mangochi, kuli sukulu ya boma yophunzitsa ntchito za pamadzi, kumene achinyamata amaphunzira kuyendetsa sitima ndi kukonza injini zake. Chimene chimatsegula chitseko chimenecho si mudzi umene unabadwira. Ndi masamu, sayansi ndi Chingerezi, zimene ukuphunzira lero m'kalasi mwako. Kusambira kumaphunziridwa. Kuwerenga kampasi kumaphunziridwa. Sitepe yako yoyamba ndi phunziro la mawa m'mawa.

Ndipo kwa inu makolo, ngakhale mwana wanu sadzakwera sitima, phunziroli ndi lomweli pa ntchito iliyonse. Masiku ano achinyamata ambiri amafuna kuyambira pamwamba. Wophunzira ukalipentala akufuna shopu yake mwezi woyamba. Woyamba geni ya nyemba kapena khofi akufuna lole chaka chomwecho. Zikachedwa amagwa ulesi, amati ntchito yaing'ono ndi yonyozeka. Muwauze za kaputeni amene anasiya sitima yaikulu n'kukaphunzira kwa opalasa bwato a ku Ujiji. Muwauze kuti ntchito yaing'ono imene akuichita bwino lero ndi imene idzawapulumutse pa tsiku la namondwe.

Tisanatseke, tiyeni tikumbutsane zimene tamva. Tamva za Edward Hore, amene anayamba ndi kukolopa m'chombo ali ndi zaka 16 n'kukwera masitepe onse mpaka ukaputeni. Tamva za zombo zake zitatu za ku Tanganyika: bwato lamtengo, boti lachitsulo, ndi sitima ya nthunzi. Tamva mmene sitimayo inadutsira ku Karonga ndi ku Chitipa pamitu ya makolo athu, kuyambira mu 1883. Ndipo mfundo yathu yaikulu ndi yomwe ija: mmalinyero sabadwa ali kaputeni, amakula chombo ndi chombo, ndipo samakula yekha.

Ndikusiyirani mafunso awiri oti mukambirane madzulo ano mukamadya nsima. Loyamba: pa ntchito imene mukugwira kapena mukuifuna, kodi muli pa sitepe iti, ndipo ndani amene anayamba kale amene mungapite kukam'funsa nzeru sabata ino? Lachiwiri ndi la inu a ku Chitipa ndi ku Karonga makamaka. Kodi m'mudzi mwanu muli agogo amene anamva kwa agogo awo za amtengatenga, za njira yakale yopita ku Tanganyika, za malo amene apaulendo ankagona? Achinyamata, tengani kope ndi cholembera, kapena foni yanu yomweyo, mukakhale nawo pansi mwaulemu, muwafunse, mulembe mayina ndi malo. Aphunzitsi a mbiri m'sukulu zathu, iyi ndi ntchito imene mungawapatse ophunzira anu teremu ino. Zimene mwapeza mutilembere kuno ku pulogalamu yathu, ndipo tidzaziwerenga kuti dziko lonse limve.

Amene muli paulendo muyende bwino, ndipo abale athu amene mukulowa m'nyanja lero, yang'anani kaye nyengo, musadzaze bwato mopitirira muyeso, ndipo valani jekete zoyandamitsa. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera pulogalamu)